Buku la pafoni musatibwereke, tipatseni likhale lathu

Munthu amene sanaonepo buku litamwa madzi a Shire sangamvetse msanga zimene ndikufuna kunena lero. Limatupa ngati mtanda wa mandasi, masamba ake n'kumatirirana, ndipo mukaliyanika padzuwa la ku Nsanje limauma gwa! ngati chikopa cha ng'ombe. Mukati mulitsekule, limang'ambikira pakati pa chiganizo. Ndinaziona ndi maso angawa mu 2023, madzi a namondwe wa Freddy ataphwa, pasukulu ina ya kutsidya kwa Shire, mbali ya kum'mawa. Mabuku anali atayalidwa pabwalo ngati mphale, ana awiri ali chilili ndi ndodo m'manja kuingitsa mbuzi. Aphunzitsi aakulu anandiyang'ana n'kuseka mwa munthu wotopa. Anati, "Achimwene, awa ndi amene tinalandira madzi a namondwe wa Ana atapita. Sanathe ndi chaka chomwe."

Choncho munthu asavutike n'kundilalikira za ubwino wosunga mabuku m'foni ndi m'matabuleti. Ndikuudziwa. Kuchigwa kuno madzi ali ndi kalendala yawoyawo: Januwale 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe patangopita milungu yowerengeka, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Akabwera, sukulu imene yapulumuka imasanduka msasa wa othawa madzi, ndipo mayi amene akukoleza moto wa phala la mwana usiku wamvula simungamuimbe mlandu akang'amba tsamba la buku la masamu. Chimene madzi asiya, chiswe chimamaliza. Ngakhale kumtunda kosasefukira pepala silodalirika: mu Disembala 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsa, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa tsiku limodzi. Ngati m'Malawi muno muli dera losowa buku losanyowa kuposa Namiwawa ndi Area 47, ndi Chikwawa ndi Nsanje, maboma awiri omwe kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 860,000.

Mkangano wanga uli pa liwu limodzi lokha: kubwereka.

Pamisonkhano ya za maphunziro masiku ano simulephera kumva wina, ataima kutsogolo ndi laputopu, akulonjeza kuti mwana wa ku Makhanga azingodina foni n'kubwereka buku monga amachitira anzake ku America. Anthu amaomba m'manja, amasaina za alawansi, amabalalika. Sapezeka wofunsa kuti anzakewo amabwereka bwanji, ndipo amalipira ndani.

Kumeneko munthu amakhala ndi khadi la laibulale ya m'tauni mwake, n'kuika m'foni pulogalamu monga Libby, ya kampani ya OverDrive. Akasankha buku limalowadi m'foni, koma limalowa ndi loko wake. Pakatha milungu iwiri kapena itatu limadzitseka lokha, kaya wamaliza kaya uli pakati. Ngati laibulale inalipirira kope limodzi, wowerenga amakhalanso mmodzi. Enanu ndandani pamzere ngati kuchigayo, kudikira chinthu chimene chikanatha kukopedwa kambirimbiri osatha. Ndipo laibulaleyo sinagule bukulo ayi, yangochita lendi. Mu 2011 kampani yosindikiza mabuku ya HarperCollins inalamula kuti buku lake lotere likabwerekedwa ka 26, laibulale ilipirenso. Makampani ena aakulu amapereka chilolezo cha zaka ziwiri zokha, pamtengo woposa umene munthu wamba amagulira buku lomwelo. A Internet Archive atayamba kujambula mabuku apepala n'kumawabwereketsa pa intaneti, makampani anayi anawatengera kukhoti ku New York. A Internet Archive anagonja mu 2023, n'kugonjanso pa apilo mu 2024.

Awa ndi malaibulale a dziko lolemera, ndipo nawonso amadandaula kuti lendi yawakulira. Nanga ife? A National Library Service, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndiye azilipira lendi ya madola chaka ndi chaka? Ndi kwacha yake iti? Yomweyi inagwa ndi 25% mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44% mu Novembala 2023? Dziko limene galimoto zimagona pamzere wa mafuta chifukwa chosowa ndalama zakunja silingalonjeze mwana wa ku Tengani kuti buku lake lidzatsekuka chaka chamawa. Tsiku limene lendi yalephera, laibulale yonse imazima ngati nyali, osatsala ndi chikuto chomwe. Bola madzi a Shire, amakusiyirako masamba oti uyanike.

Koma tiyerekeze kuti wapezeka wakufuna kwabwino wochokera kunja, walipira zaka zitatu. Tsopano titsike zitunda za Chikwawa, tidutse pa Thabwa, tiwoloke mlatho wa Kamuzu, tikafike kumene kuli wowerengayo.

Ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene ali Fomu 4 pasukulu ina yoyendera chakufupi ndi Ngabu. Pakhomo pawo foni yotsekula intaneti ndi imodzi, ya mchimwene wake wa kabaza. Imachoka m'mamawa ndi mwini wake, imabwera madzulo batire lili pang'onong'ono, ndipo kuti idzadze mpaka ikagone kotchajitsa kumsika, kolipira. Mtsikanayu akaigwira ndi ola limodzi, mwina awiri ngati achimwene ake agona msanga. Amawerenga manotsi ndi mapepala akale a mayeso a MSCE amene anzake anaponya pagulu la WhatsApp, tizilembo tating'ono ngati nyerere, akukuza ndi zala ziwiri. Tsiku lina ndinamuikira pulogalamu ina yowerengera mabuku, yoyendera intaneti, ndili ndi mtima wonyada wa munthu wochokera m'tauni. Patatha sabata ndinamuimbira. Anati, "Amalume, chinthu chija chimangozungulirazungulira, chikutha bandulo ya achimwene. Anachifufuta."

Kwa mwana ameneyu buku la masamba 200 ndi ulendo wa miyezi iwiri. Ndiye mum'bweretsere lodzitseka pa tsiku la 14? Kuti alibwerekenso pafunika bandulo, pafunika netiweki, pafunika moto m'foni, ndipo zitatuzi sizikumana kawirikawiri m'nyumba imodzi. Kalembera yemwe uja anapeza kuti m'dziko muno nyumba yowunikira magetsi ndi pafupifupi imodzi pa khumi zilizonse, kumidzi n'kucheperanso apo. Chopweteka n'chakuti malo opangira magetsi a Kapichira ali m'boma la Chikwawa lomweli. Nthambo zimadutsa pamwamba pa midzi yamdima kupita kukawalitsa kwina. Ndipo Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023. Nthawi imene mwana wa kumsasa akufunitsitsa buku, sukulu itatsekedwa kwa milungu, ndi nthawi yomweyo imene magetsi kulibe, nsanja za netiweki zazima, msewu waduka. Laibulale yodalira intaneti imathawa limodzi ndi magetsi.

Ife a kuchigwa tili ndi chifukwa chokayikira zinthu zotsekulidwa ndi riboni. Mu Okutobala 2010 mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika anatsekulira doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo. Bwato limene linkayembekezeka silinafike, linatsakamira m'manja mwa akuluakulu a ku Mozambique. Konkire ilipo mpaka lero, asodzi amaidziwa bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikufuna tidzaonenso doko lina, la m'foni: chikwangwani chokongola, nduna itagwira tabuleti pachithunzi, koma buku osakocheza.

Tsono ena akamva izi amafulumira kunena kuti vuto ndi anthu eni ake, Amalawi sawerenga. Bodza. Khalani pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Bangula madzulo muone mitu yowerama. Anthu akuwerenga uthenga wa maliro, mitengo ya thonje ndi nandolo, zotsatira za Bullets ndi Wanderers, mavesi, mikangano ya ndale, ndi nthano zachikondi zolembedwa m'zigawo pa Facebook zimene amazitsatira tsiku ndi tsiku mpaka kumutukwana wolemba akachedwa kuponya gawo lotsatira. Njala yowerenga ilipo. Chimene chikusowa n'chakudya chabwino m'mbale imene munthu ali nayo kale.

Ndipo njira yoyendetsera chakudyacho iliponso kale, sinadikire pulojekiti. Pamsika uliwonse wa kuchigwa pali mnyamata wa kompyuta m'kakiyosiki, sola padenga, sipika pakhomo. Umam'patsa memori khadi, amakuthirira nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, umalipira, umapita. Ukafika kumudzi umagawira mnzako pa Bluetooth kapena pa Xender, popanda bandulo, popanda netiweki. Umu ndi mmene nyimbo yotuluka ku Blantyre Lolemba imavinidwira ku Marka Loweruka. Tsopano imvani ichi: buku la zilembo zokhazokha, lopanda zithunzi zambiri, nthawi zambiri silifika kukula kwa nyimbo imodzi. Kakhadi kochepa ngati chikhadabo kangathe kusenza mabuku masauzande, oposa amene ali m'makabati a masukulu ambiri mutawaphatikiza. Kalowa m'thumba la malaya, kakwera nawe bwato pothawa madzi, ndipo kakatayika, kope lina lili kwa mnansi.

Ndiye n'chifukwa chake ndikuti musatibwereke. Kubwereketsa kunali ndi nzeru pamene buku linali limodzi, owerenga makumi asanu. Loko wa pabuku la m'foni ndi njala yochita kupanga, yopangidwira kuteteza msika wa ku London ndi New York. Kuno kulibe msika woti autetezere. Mwana wa mlongo wanga sakanagula bukulo ngakhale mutalitseka ndi maloko khumi.

Funso lenileni, limene a malaputopu amalilumpha, n'lakuti m'khadimo mukhale chiyani. Apa ndiye pandiwawa. Mabuku a Chichewa amene anatilera ife, Nthondo la Samuel Josia Ntara lomwe linatuluka mu 1933, Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, Mkwatibwi Wokhumudwa la Litete, Njala Bwana la Willie Zingani, mabuku a Chadza, kodi mwana wa ku Chapananga angawapeze kuti lero ngati sali pamndandanda wa mayeso? Ambiri atsala m'masutikesi a aphunzitsi opuma ntchito, akudyedwa ndi njenjete. Pulogalamu yochokera kunja ingakhale ndi mabuku 50,000, koma awa mulibe, ndipo sadzakhalamo pokhapokha titawaikamo tokha.

Palinso china choseketsa, ngati kuli koyenera kuseka. Mbiri ya chigwa chino inalembedwa, ndipo inalembedwa mwaluso. Elias Mandala, Mmalawi amene ankaphunzitsa mbiri ku America, anatulutsa Work and Control in a Peasant Economy mu 1990, lofotokoza za thonje, msonkho, njala ndi madzi kuchigwa kuno kuyambira 1859, chaka chimene David Livingstone anakwera Shire. Matthew Schoffeleers, wansembe amene anatumikira kuno, anatulutsa River of Blood mu 1992, lonena za Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi. Onse awiri anasindikizidwa ndi yunivesite ya Wisconsin. Ndiye kuti wophunzira wa ku Wisconsin, amene sanalawepo nsima ya mapira, angathe kuwerenga za mafumu Lundu ndi Tengani masana ano. Mdzukulu wa anthu amene anafunsidwa mafunso kuti mabukuwo alembedwe sanawaonepo ndi chikuto chomwe. Nkhani zinachoka pakamwa pa agogo ake, zinawoloka nyanja, sizinabwerere. Kupempha chilolezo chomasulira mitu ingapo m'Chichewa chosavuta si ntchito yoposa kumanga doko.

Nanga Chisena? Mwana wa ku Nsanje amalowa Sitandade 1 akulota m'Chisena, wa kumidzi ina ya Chikwawa m'Chimang'anja. Wailesi ya MBC yakhala ikuulutsa nkhani m'Chisena kuyambira m'zaka za m'ma 1990, koma yendani kuchokera pa Bangula mpaka pa Marka mukusaka kabuku ka nthano za ana m'chinenerochi, muona mmene thukuta likhetsekere. Osindikiza amati owerenga ndi ochepa, sitingabweze ndalama ya pepala. Chabwino, nayi njira yosafuna pepala. Aphunzitsi a kuchigwa angathe kulemba nthano za kwawo, za ng'ona ndi mvuu za ku Elephant Marsh, za oimba valimba, za ulimi wa kudimba madzi akaphwa. Zina zijambulidwe mawu, kuti agogo osadziwa kuwerenga ndi anzathu osaona azimvera pakafoni ka mabatani komwe kamalandira khadi. Ndipo musaiwale mlimi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira. Anthu amene azidzathirira ndi madziwo afunika timabuku tomveka ta ulimi wamthirira, ta matenda a ng'ombe, ta mbozi za thonje, m'chinenero chimene amakalipira nacho mbuzi.

Ndikumva kale alembi anzanga akung'ung'udza: ndiye ife tidye chiyani? Funso labwino, ndipo ndikanakhala wachinyengo ndikanati ndililambalale. Koma tiyeni tinene zoona. Panopa mukudya chiyani? Buku lanu likalowa pamndandanda wa mayeso, sabata yomweyo wina walijambula ndi foni, layamba kuyenda pa WhatsApp lili lopendekera, masamba ena kulibe, inu osalandira ndi tambala yomwe. Chimene ndikunena n'chakuti boma, kudzera ku National Library Service, ligule kwa mlembi ndi wosindikiza ufulu wogawa bukulo m'foni m'dziko muno, lilipire kamodzi ndalama yooneka, m'makwacha, kenaka liliponye kwa anthu. Ufulu wosindikiza papepala utsale kwa mwini wake. Ndalama yake isakhale nkhani ya mawa: a COSOMA amagawa kale kwa aluso msonkho umene umadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zolemba zikamalowa m'dziko. Ganizo lakuti wokopa alipire kudzera pa chipangizo tinalivomera kale. Chatsala n'kuliloza kumabuku mwadala. Ndalama yolipira lendi ya chaka chimodzi ku kampani yakunja bola ipite kwa mlembi wa ku Balaka kapena kwa ana a mlembi amene anatisiya, buku n'kukhala lathu mpaka kalekale.

Ndisaiwale kuyamika pomwe pakuyenera. Ndondomeko ya BEFIT, imene boma linayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo maphunziro ake ali m'kati mwa tabuletimo, safuna bandulo. Amene anaikonza anamvetsa dziko limene akugwiramo ntchito. Koma tabuleti imeneyo ndi ya phunziro, imagona m'bokosi kusukulu. Imaphunzitsa mwana kuwerenga, kenaka belu likalira mwanayo amabwerera kunyumba yopanda chowerenga. Kumuphunzitsa munthu kupalasa bwato n'kumusiya pamtunda wopanda madzi n'kutaya nthawi ya onse awiri. Akafika Sitandade 5, awerenge chiyani?

Zipangizo zotsekera mpata umenewu si zachilendo. Kuli kabokosi kotchedwa RACHEL, ka bungwe la World Possible, komwe kamasunga mabuku ndi maphunziro n'kumawagawira kumafoni apafupi pa Wi-Fi popanda intaneti. Kuli Kiwix, yomwe imanyamula Wikipedia yonse kupita nayo kopanda netiweki. A African Storybook, a ku South Africa, ali ndi nthano za ana zimene aliyense ndi wololedwa kukopa, kumasulira ndi kusindikiza. Malaibulale a mayunivesite athu ndi ena anagwirizana kale mu 2003 kupanga bungwe la MALICO kuti azipeza limodzi zowerenga za pa intaneti, kusonyeza kuti akatswiri a malaibulale odziwa ntchitoyi tili nawo. Nzeru imeneyo yakhala m'mipanda ya makoleji nthawi yokwanira, itsike zitunda.

Akuluakulu ena amati mukam'patsa mwana foni azingoonera zolaula ndi mpira. Mwina. Koma foniyo ali nayo kale, kapena ya mnzake, ndipo zolaulazo zinafika kale popanda thandizo la boma. Chimene sichinafike ndi buku. Enanso amati pepala ndiye labwino, ndipo ine ndikuvomera ndi mtima wonse: kumene kuli shelefu youma, mabuku apepala apite. William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku la Using Energy m'kalaibulale kakang'ono ka ku Wimbe ku Kasungu, n'kumanga makina amphepo opangira magetsi. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zithunzi, kubwerera patsamba lomwelo kambirimbiri. Chimene chinamuthandiza ndi nthawi. Palibe loko amene anam'tsekera buku ali pakati poganiza.

Tsono kwa a MACRA ndi makampani a Airtel ndi TNM, pempho langa ndi laling'ono. Kuyambira 2015 boma limadula msonkho wa 10% pa intaneti ya pafoni, pamwamba pa VAT. Wogula bandulo ku Ngabu amalipira msonkho umenewu mofanana ndi bwana wa ku City Centre. Ngati mungathe kukonza mabandulo apadera a WhatsApp ndi Facebook, mungathenso kukonza kuti tsamba limodzi la laibulale ya dziko lizitsekuka ulere, munthu atsitse buku kamodzi, likhale lake. Thumba la Universal Service Fund linakhazikitsidwira madera ngati ano.

Ndipo kwa aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, ndi makhansala anu: zoni iliyonse ya maphunziro ili ndi TDC, kumene aphunzitsi amakumana kale. Kabokosi kamodzi, sola imodzi ndi batire, zoikidwa pamwamba pomwe madzi a 2023 sanafike, si ndalama yoti thumba la CDF lingalire nayo. Itanani anyamata a makiyosiki aja, apatseni mabukuwo ulere, muwauze kuti aliyense wobwera kudzathira nyimbo azimuthiriranso mabuku. A National Library Service yambani ndi mabuku 50 okha: a Chichewa akale amene eni ake avomera, mapepala a mayeso a mmbuyomu mutagwirizana ndi a MANEB, timabuku ta ulimi, ndi nthano khumi za Chisena zolembedwa ndi aphunzitsi a konkuno. Musaitane nduna, musagule riboni. Mabukuwo akhale atalowa m'makhadi a anthu mwezi wa Novembala usanathe, chifukwa Shire ndi Ruo amayamba kudzaza mu Januwale.